Makadi a Malemu Susana

Elifala anamupeza mlamu wake m'chigafa, akusoka fodya woyamba kuthyola. Sanaodire. Anangowerama n'kulowa pansi pa dengalo, nakhala pa mtondo wakale wong'aluka, n'kuyamba kupala matope a kunsapato ndi kamtengo.

"Mwaswera, alamu?"

"Ndaswera."

Solomoni sanaonjezepo. Anali wotero chibadwire. Anakhala pamudzi uwu, kufupi ndi Bowe, zaka makumi awiri ndi zitatu monga mkamwini wochokera kumapiri a Ntchisi, ndipo anthu ankaseka kuti mawu onse amene anayankhula pa zakazo sangadzaze chipewa chake. Womuyankhulira anali mkazi wake Susana, mlongo wa Elifala. Koma Susana anatsirizikira kuchipatala cha Mtengowanthenga zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba muja munkangomveka mbale zokha.

Mwambo wa kuno ngodziwika. Mkazi akamwalira, akuchikazi amasudzula mkamwini kuti abwerere kwawo. Munda ndi ana zimatsala ndi eni mbumba. Elifala anali atabwera kale kanayi ndi nkhani yomweyo.

"Zaka ziwiri, alamu. Anthu ayamba kundifunsa ngati tsopano munakwatira ine."

"Mwana alembe kaye."

"Analemba kale. Chizungu chinamugwetsa."

"Alembenso."

Mwanayo anali Talandira, mmodzi yekhayo amene anakula mwa ana awo atatu. Chaka chathacho anakhoza maphunziro onse a Fomu 4 kupatula Chingerezi, ndipo popanda Chingerezi setifiketi satuluka. Tsopano ankabwereza pa sukulu yoyendera ya kutsidya kwa dambo.

Elifala anataya kamtengo kaja. "Imvani, tisamangozungulira. Bambo uja wa chigayo ku Mponela wabweranso kudzafunsira mwanayu. Ndi munthu wamkulu, inde, koma amadya. Ine ndamuuza adikire mayeso. Mwana akakhoza, apite ku koleji ya uphunzitsi imene mumaiimba ija, sindimuletsa. Akalepheranso, ndikumupereka, inu tikukusudzulani. Kachitatu kulibe. Mwamva?"

"Akhoza," anatero Solomoni, maso ali pa singano.

Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali chitapachikidwa pakona ya chigafacho, pa mkangala wake wokha ngati fodya. Anali makadi. Susana anafika Fomu 2 ndipo ankaphunzitsa sukulu ya kwacha patchalitchi. Miyezi yake yomaliza, miyendo itakana kupita kumunda, anaitha atakhala pamphasa ndi lezala, akucheka makatoni a sopo ndi a tiyi. Ankadziwa pamene mwana wake amapunthwa: mawu a Chingerezi ofanana nkhope koma osiyana tanthauzo. Ndiye pa khadi limodzi ankalemba liwu la Chingerezi, pa lina tanthauzo lake m'Chichewa, n'kumanga awiriwo msana ndi msana ndi ulusi wakuda, monga asokera masamba a fodya.

"Inu muzingokweza khadi, iye azinena," anamuuza mwamuna wake. "Kenako mutembenuze muone ngati wakhoza. Chichewa mumawerenga, si mumaimba nyimbo za m'buku? Musamusiye, a Mbewe."

Sanamusiye. Masana aliwonse Talandira akaweruka, ankabwera m'chigafa n'kugwira ntchito ya fodya, bambo ake akumukwezera makadi. Solomoni Chingerezi sankachidziwa ngakhale liwu limodzi. Zilembozo ankaziona ngati nyerere zofola. Koma ankatembenuza khadi, n'kuwerenga dzanja la mkazi wake pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka, kenako n'kunena "Eya," kapena "Bwereza." Tsiku lina ananena nthabwala, yoyamba chimwalirire Susana, kuti Azungu ayenera kuti zilembo zinawathera, n'chifukwa chake amabwerekana. Talandira anaseka mpaka kugwetsa fodya.

Mwezi wa Malichi kunabwera mphepo. Inatsika kuchokera kumapiri dzuwa lili pamutu, Talandira ali kusukulu, n'kusasula theka la denga la chigafa. Solomoni atathamanga kuchokera kumunda anapeza mikangala itagwa, fodya ali m'matope, mbuzi zothawa mvula zikupondaponda pamenepo. Fodyayo anamulumpha. Anagwada pakona n'kuyamba kutola makadi. Bolopeni ya Susana sinasungunuke, koma ulusi, umene unali utafumbwa kale ndi chinyontho, unaduka. Mawu anali kwaokha, matanthauzo kwaokha.

Anawaika m'lichero n'kukawabisa kuchipinda. Talandira atafunsa, anangoti, "Akuuma."

Akanatha kumuuza mwanayo. Akanatha kukwera njinga kupita ku Dowa boma kwa a Howard, mphunzitsi wopuma amene ankabwereka Susana dikishonale. Zonsezi zinamufikira m'mutu. Koma kuuza mwanayo kunali kuvomera kuti chinthu chimodzi chimene mkazi wake anamusungitsa wachisiya pamvula. Ndipo nkhani ikanafika kwa Elifala tsiku lomwelo.

Komanso Solomoni ankakhulupirira diso lake. Pa kusankha fodya panalibe womuposa m'dera lonselo. Masamba awiri amene wina aliyense angalumbire kuti ndi amodzi, iye ankawayang'ana padzuwa, n'kuwasisita ndi chala, n'kudziwa kuti ili ndi la pakati pa mtengo, ilo ndi la kunsonga. Belo lake silinabwezedwepo ku okushoni chifukwa chosakaniza. Ndiye m'mawa mwake, mwana atapita kusukulu, anayala makadi aja pamphasa n'kuyamba kuwasankha ngati fodya.

Ambiri sanavute. Susana ankacheka liwu ndi tanthauzo lake pa katoni imodzi, choncho kumbuyo kwake zithunzi zinkalumikizana: theka la duwa uku, theka uko, khutu la kapu ya tiyi pa khadi ili, kapu yake pa linalo. Solomoni ankagundanitsa m'mphepete, n'kumanga. Vuto linali pa mawu ofanana nkhope aja, amene anali ambiri ndithu. Amenewo Susana ankawalemba tsiku limodzi, ndi bolopeni imodzi, n'kuwacheka pa chidutswa chimodzi chopanda chithunzi: mawu awiri, matanthauzo awiri, makadi anayi ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Solomoni anawatembenuza, anawayang'ana padzuwa, anayeza mabowo a ulusi. Pena ankaona kadontho ka mafuta kamene kankaoneka ngati kadutsira pa khadi linzake. Pena sankaona kanthu, koma dzanja linkasankha lokha, monga limachitira pa fodya. Anatenga ulusi wakuda m'kachitini ka Susana, namanga onse. Tsiku lachitatu makadi anabwerera pa mkangala wake.

Unali mwezi wa Epulo pamene anatsutsana koyamba. Anali atakhala pansi m'chigafa akusankha fodya wouma, fumbi lake likuwayetsemulitsa. Solomoni anakweza khadi.

"Accept," anawerenga Talandira. "Kuvomera."

Solomoni anatembenuza. "Kupatula."

"Ayi, ababa. Kupatula ndi linzake lija, loyamba ndi e."

"Apa palembedwa kupatula."

"Koma kusukulu tinaphunzira kuti..."

"Kusukuluko n'kumene unalephera."

Sanafune kunena choncho. Mawuwo anangotuluka, chifukwa pansi pa mtima china chake chinali chitagwedezeka ndipo ankafuna kuchipondereza. Anamuyandikizira khadilo kumaso. "Dzanja ili ndi la ndani?"

Talandira analandira khadilo. Sanayang'ane zilembo. Anayang'ana ulusi, kwa nthawi yaitali, akuugubuduza pakati pa zala. Kenako anabweza.

"Ndi la amayi."

"Nanga?"

"Kupatula," anatero chapansipansi.

"Eya."

Zinachitikanso mawa lake pa khadi lina, ndi mkuja wake pa linanso. Nthawi zoyamba Talandira ankayamba ndi "Koma", kenako anasiya. Wokamufunsa kusukulu kunalibe, pakuti mphunzitsi wa Chingerezi anasamutsidwa mu Januwale ndipo wina sanabwere. Pofika mu Juni mwanayo ankayankha makadi onse mogwirizana ndi kumbuyo kwake, osaphonya. Solomoni ankati "Eya, eya, eya," mpaka mkangala kutha, ndipo ankatuluka m'chigafa mtima uli m'malo.

Tsiku la mayeso a Chingerezi anamudikira pa mlatho wa mitengo wa padambo. Anamuona akubwera yekha, anzake ali patsogolo m'kagulu, akukangana za mayankho.

"Bwanji?"

"Ndalemba."

Anayenda mondondozana mpaka kunyumba. Talandira sanadye. Mawa lake anachotsa makadi pa mkangala, nawaika m'jumbo, n'kuika jumboyo pamwamba pa khoma pamene sankafikapo kawirikawiri.

Solomoni anapirira masabata atatu. Sabata lachinayi anatsitsa jumbo ija, naimangirira pa keliyala, n'kupalasa njinga kukwera zitunda zonse mpaka ku boma.

Anawapeza a Howard pakhonde akuthira dothi m'timachubu ta mbande za mitengo. Anali nkhalamba yonenepa, yokonda kuseka, magalasi ake omangidwa ndi waya.

"A Mbewe. Mwabwera kudzalembetsa Sitandade 1? Malo alipo, koma yunifolomu ya saizi yanu ndiye sindikudziwa."

Solomoni anakhuthula makadi patebulo. "Mundionere."

A Howard anapukuta manja, nayamba kutembenuza makadi akumwetulira. "Dzanja la Susana ili. Mayi ameneyu akanapitiriza sukulu, bwenzi tonsefe tikumugwadira." Anatembenuza lachisanu, lachisanu ndi chimodzi. Kumwetulira kunatha. Anaika khadi limodzi pambali. Patapita kanthawi anaikanso lina. Solomoni anaima chilili, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kamulu ka pambaliko kakukula.

"Awa ndi osinthanitsa," anatero a Howard pomaliza. "Tanthauzo la ili lili pa ilo, la ilo lili pa ili. Khumi ndi asanu ndi atatu. Susana sakanalakwa chonchi, ndinkamuonera ndine. Wamanganso ndani?"

"Ine."

"Liti?"

"Malichi."

"Ndiye mwana wakhala akuloweza izi kuyambira Malichi?"

Solomoni anagwedeza mutu kuvomera.

A Howard anavula magalasi. "A Mbewe, kuchokera kwanu kufika kuno ndi maola awiri panjinga."

"Ndikudziwa."

Nkhuku inakwera pakhonde n'kuyamba kujompha m'timachubu. Palibe anaiingitsa.

"Zingamugwetse?" anafunsa Solomoni.

"Mayeso ndi aakulu. Muli chimangirizo, muli nkhani yowerenga, muli zambiri. Mawu awa ndi kachigawo chabe. Ndikanakonda kukuuzani kuti sizingatheke." Anavalanso magalasi. "Koma mwana amene waphunzitsidwa kukayikira chimene akuchidziwa, amakayikira paliponse. Sindikunamizani. Sindikudziwa, ndipo ngakhale zotsatira zikatuluka simudzadziwa."

Anadula ulusi ndi lezala, nalumikiza makadi aja moyenera, Solomoni n'kumamanga.

Zotsatira zinatuluka dzuwa la Okutobala litapsereza udzu m'mapiri. Solomoni anali kudambo akuthirira nazale ya fodya wa chaka chotsatira. Anamuona Talandira akutsika kuchokera kusukulu, ndipo mayendedwe okha anamuuza. Mwanayo anafika, natenga kheni yachiwiri, n'kukatunga madzi pachitsime ngati tsiku lina lililonse.

"Chingerezi," anatero atabwerera. "Zina zonse ndakhoza. Masamu ndachita bwino kuposa chaka chatha."

Solomoni anatula kheni pansi. Mawu amene anawasenza kuyambira kwa a Howard anali olemera, ndipo anatuluka amodziamodzi.

"Makadi aja. Mphepo ija ulusi unaduka. Ndinamanganso ndine. Ena ndinasinthanitsa."

"Ndinkadziwa, ababa."

Solomoni anamuyang'ana.

"Amayi ankamanga mfundo ya osoka zovala, yaing'ono. Inu munamanga mfundo ya fodya. Ndinaiona tsiku lija munandifunsa za dzanja."

"Osanena bwanji?"

Talandira anathirira mzere wonse asanayankhe. "Chimwalirire amayi munali musanayankhulepo nane mawu ochuluka ngati m'chigafa muja. Ndinaganiza kuti ndikanena, mupachika makadiwo n'kukhalanso chete. Ndiye ndinati ndiziyankha zanu pakamwa, zoona ndizisunga mumtima." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Koma miyezi itatu, tsiku ndi tsiku. M'mayeso muja ndikaona liwu, ndinkamva mayankho awiri, onse ndi mawu anga omwe. Sindinkadziwanso kuti la pakamwa ndi liti, la mumtima ndi liti. Ndinkalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Ndi mawu ena omwe amene sanali pa makadi ndinayamba kuwakayikira. Belu linalira chimangirizo ndili pakati."

Madzi a mu kheni ya Solomoni ankatayikira pa phazi lake kudzera pa kabowo ka pansi. Sanasunthe.

"Mwina ndikanalepherabe," anatero Talandira. "Chaka chatha kunalibe mphepo."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Solomoni anapita kwa Elifala. Pa zaka zonse zija anali asanapemphepo kanthu pakhomo limenelo, ngakhale nkhwangwa. Anakhala pansi, osati pampando umene anamupatsa, nafotokoza zonse: mphepo, ulusi, a Howard. Anayankhula nthawi yaitali kuposa imene Elifala anamumvapo.

"Wolakwa ndine. Mwana alembenso chaka chimodzi. Ine mundisudzule mawa lomwe, koma iye alembe."

Elifala sanaseke monga ankachitira. Anakanda chibwano. "Alamu, mukanabwera ndi nkhani imeneyi mu Malichi, njinga ndikanapalasa ndine kupita kwa a Howard. Susana anali mlongo wanga musanakhale mwamuna wake. Koma ine ndinapereka mawu kwa anthu, ndipo ankhoswe a bambo wa chigayo uja akubwera Loweruka kudzamva yankho. Komabe muitaneni mwini wake anene yekha. Akati alemba, ndikawabweza, manyazi ndisenza."

Anamuitana Talandira. Mwanayo anagwada chapatali, maso pansi.

"Atsibweni, ine ndatopa," anatero. "Anzanga amene ndinayamba nawo ali ndi ana awiri. Ana amene ndinkawanyamula kumsana ndi amene ndimakhala nawo m'kalasi. Kachitatu sindingathe."

"Makadi ndakonza," anatero Solomoni. "Onse ali bwino tsopano."

"Makadiwo ali bwino, ababa. Koma m'mutu muno ndani akonze?"

Anamusudzula Solomoni patatha milungu iwiri, pabwalo la nyumba imene anaimanga yekha. Akuchikazi anayankhula zabwino: kuti anali mkamwini wolimbika, wosamwa, wosatukwana, kuti anasamala m'bale wawo mpaka kumanda, ndipo tsopano ndi womasuka. M'bale wake amene anabwera kuchokera ku Ntchisi anathokoza m'malo mwake. Anamupatsa khasu lake, nkhwangwa, njinga ndi thumba la zovala. Nazale ija inatsala, mbande zitatalika kale ngati chala.

Talandira anamuperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo. Ukwati wake unali utaikidwa mwezi wotsatira, mvula isanayambe. Atafika pamlathopo Solomoni anamasula jumbo pa keliyala n'kumupatsa.

"Mwina tsiku lina."

Talandira anailandira ndi manja awiri. Anatulutsa khadi limodzi, nayang'ana kutsogolo kwake, koma sanatembenuze. Analibwezera, namanga jumboyo, n'kuimangiriranso yekha pa keliyala ya bambo ake, kukoka chingwe kawiri kuti ilimbe.

"Tengani. Ndi dzanja la akazi anu. Ku Mponela akangoyatsira moto."

Solomoni anafuna kunena kanthu. Anafufuza, koma mawu anali atathera kwa Elifala tsiku lija. Anangogwira chiwongolero.

"Muyende bwino, ababa."

"Tsala."

Njira ya ku Ntchisi imakwera kuchokera padambo pomwepo, ndipo katundu anali wolemera, choncho sanakwere njingayo. Anaikankha. M'bale wake anali patsogolo ndi khasu paphewa, akufotokoza za anthu a kumudzi amene anamwalira ndi amene anasamuka, mayina amene Solomoni sankawakumbukanso. Atafika pa chitunda choyamba anacheuka. Pamlatho panalibe munthu. Chigafa chinkaoneka, theka la denga lake lili ndi udzu watsopano woyererako kuposa unzake. Kumbuyo kwake, njinga ikagunda mwala, makadi ankakhulana m'jumbo muja, onse omangidwa bwino, lililonse ndi tanthauzo lake.